Msitu wa Bwana Matini

Ana anga, inu mumandidziwa ngati munthu wa mayankho. Mukayambana m'mabanja mwanu mumathamangira kwa ine, ndipo ku tchalitchi nkhani ikavuta amati itanani a Mbewe. Mutu uno ndaulemba kuti mudziwe kuti ilipo nkhani imodzi imene inandisiya kukamwa kuli yasa. Ndinapuma ntchito kalekale, ndimakhala pakhonde pano pa Kamwendo n'kumaitembenuza uku ndi uku, koma sindinaimvetsebe. Za ubwana wanga ndizidumpha, munazimva mpaka kutopa nazo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki wa m'sitolo pa esiteti ina ya fodya cha ku Kachebere, pafupi ndi malire a Zambia. Anandilemba chifukwa ndinkadziwa Chingerezi cha kusukulu ndiponso dzanja langa linali lowerengeka. Ndinkagawa makasu, feteleza ndi phoso kwa matenanti. Amenewa anali anthu ochokera ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, obwera ndi akazi, ana ndi kamtolo kumutu kudzalima fodya wa eni ake n'kudzalandira zawo fodya akagulitsidwa. Manijala wathu anali mzungu wofiira ngati phwetekere, tinamutcha Chiphaliwali. Ameneyo sanandizunguze mutu ngakhale tsiku limodzi. Akakwiya ankatukwana, akakondwa ankatukwanabe koma akuseka, Lamulungu n'kupita ku tchalitchi atavala kabudula, kukakhala pabenchi ya kutsogolo. Ine ndinkaganiza kuti azungu onse ndi otero, amadziwa chimene akufuna, ndipo za Mulungu sangakaike poti ndi iwo anabwera ndi Buku.

Chiphaliwali yemweyo ndiye anandiphunzitsa fodya, ndipo pa chimenecho ndimamuthokoza. Inu amene munakulira m'tauni mverani, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Fodya wa bale saumitsidwa ndi moto. Akapsa m'munda mumathyola, amayi n'kusoka masambawo, n'kuwapachika pa mikangala m'chigafa kuti aume ndi mphepo pamthunzi. Chigafa si chinthu chapatali, ndi mphanda, mitanda ndi denga la udzu basi, koma popanda icho palibe fodya. Tsamba likapsa silidikira munthu. Mukachedwa kuthyola limapserera m'munda, mukaliunjika pansi limawola, ndipo tenanti amabwerera kwawo chimanjamanja atagwira ntchito chaka chathunthu.

Zaka za m'ma 1980 ndi 1990

Kuchoka ku Kachebere anandisamutsira ku esiteti ina kufupi ndi Boma, kumene ndinakwatira mayi anu, kenako ku ina ya cha kuno ku Kamwendo, kumene anandikweza kukhala kapitawo wamkulu. Mabwana ndinawaona amitundumitundu. Wina ankagona mu ofesi mpaka dzuwa kupendeka, wina ankawerenga ngakhale misomali. Kusowa kwa zinthu ndiye kunali ngati mlamu, kubwera osaitanidwa. Chaka china feteleza anafika fodya atayamba kale kuyezuka, chaka china thirakitala inakhala pamiyala dzinja lonse chifukwa cha dizilo, tinkakoka zonse pa ngolo. Zonsezo zinali zowawa koma zomveka, munthu umadziwa chimene chasowa ndi kumene chikanachokera. Manijala amene anatsala pang'ono kutimaliza ndi uja anagulitsa bulugamu yense wa pa esiteti kwa anthu owotcha njerwa, n'kuchoka osabzala ngakhale mbande imodzi. Kuyambira pamenepo zigafa zathu tinkangozigamba, apa mphanda yakale, apo mtanda wodyedwa ndi chiswe. Mitengo inatsala malo amodzi okha, pa kaphiri ka kumapeto kwa esiteti, pamene panali msitu wachilengedwe wa miwanga, mombo, misuku ndi katope m'mbali mwa kamtsinje.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Ndiye kunabwera Bwana Matini. Anali mphwake wa mwini esiteti, amene ankakhala kunja. Mzungu wamtali, woonda, wa zaka ngati makumi anayi, wolankhula motsitsa ngati pali wodwala m'nyumba. Tsiku loyamba anandiuza poyera kuti za fodya sadziwa kalikonse, ndiye ine ndiziyendetsa ntchito, iwo azisaina. Ndinadabwa, chifukwa bwana wovomera umbuli ndinali ndisanamuone. Sabata yomweyo anandipempha kuti ndiwayendetse m'malire. Minda anangoiyang'ana mwaulemu, koma titafika pa kaphiri kaja anaima chilili. Anayamba kundifunsa dzina la mtengo uliwonse, n'kumalibwereza pakamwa ngati mwana wa sitandade wani. Titatsika anaika lamulo lawo loyamba, ndipo linakhala lomaliza: m'msitu uja musadulidwe kanthu, ngakhale luzi. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankakwera okha, kukakhala m'menemo mpaka dzuwa litakwera.

Ine monga mkulu wa mpingo ndinaona kuti ndi udindo wanga kuwaitanira ku mapemphero. Ndinawapeza pakhonde la ofesi. Tinkalankhula Chingerezi, koma ndilemba m'chathu.

"Bwana, mawa ndi Lamulungu. Tchalitchi chathu ndi chaudzu koma malo alipo."

"Zikomo, Bambo Mbewe. Ine ndinaphunzira ubusa, mukudziwa? Ndinatsala pang'ono kudzozedwa."

Mtima wanga unadumpha. Ndinati basi, tapeza wotilalikira. Koma iwo anapitiriza. "Tsiku lina ndinaima kutsogolo kuti ndipemphere, ndipo ndinazindikira kuti ndikulankhula m'nyumba mopanda munthu. Kuyambira pamenepo sizinabwererenso."

"Munachimwa chiyani, bwana?"

"Palibe chachikulu."

"Munaferedwa?"

"Ayi."

"Ndiye munayambana ndi akuluakulu a mpingo."

Anaseka pang'ono. "Ayi, anali anthu abwino. Kwathu zili choncho, Bambo Mbewe. Matchalitchi ali pululu. Chimene ndinabatizidwiramo ine, lero amagulitsiramo mowa ndi chakudya. Njala kulibe, chipatala chili pafupi, koma anthu ambiri amadzuka m'mawa osadziwa chimene adzukira."

Ndinaseka poyesa nthabwala, koma nkhope yawo sinali ya nthabwala. Apa mutu wanga unaima. Kwathu kuno munthu akasiya tchalitchi pamakhala chifukwa chogwirika, mitala, mowa, kapena anamudumpha pa chisankho cha madikoni. Mumadziwa pomugwira kuti abwerere. Koma awa analibe chogwirira. Ndipo ngati kumene kunachokera Buku akugulitsirako mowa m'tchalitchi, nanga ife tikuumba njerwa zomangira chathu, tikutsogola kapena tikutsalira? Funso limenelo linandidya masiku ambiri.

Tsiku lina anandiuza zotsala. Atasiya ubusa uja anasiyanso kudya, anasiya kulankhula, mpaka abale awo anawagoneka m'chipatala miyezi yambiri. Madokotala sanapeze nthenda m'thupi. Chimene chinawadzutsa, akuti, unali mtengo umene unali panja pa windo. Ankauyang'ana tsiku ndi tsiku, kenako anapempha pensulo n'kulemba za mtengowo, ndipo atalemba anamva njala.

"Si ine ndekha," anatero. "Kwathu tilipo ambiri olemba ndakatulo za mitengo, mitsinje ndi mbalame. Pakamwa pamafunabe kutamanda, ngakhale wotamandidwayo sakumvekanso."

"Ndiye kuti mumapembedza mitengo?"

"Ayi."

"Mumakhulupirira kuti muli mizimu?"

"Ayi. Ndimangoiyang'ana mpaka mtima ukhale pansi."

"Komatu bwana, mitengoyo ili ndi Mwini wake. Mwana amene mukumusirira ali ndi bambo."

"Mwina. Ine amene ndikumuona ndi mwanayo."

Anandipempha kuti ndiwathandize kuika ndakatulo yawo imodzi m'Chichewa, ati afuna amve mmene mitengoyo ingaimvere m'chilankhulo cha kwawo. Tinalimbana nayo masana onse, ndipo inatuluka motere, ndimaikumbukira chifukwa inandivutitsa:

Muwanga, iwe sundifunsa kumene ndachokera.
Mvula ikugwa pa iwe, ikugwanso pa ine.
Njiwa yatera, njiwa yauluka,
nthambi yatsala ikugwedezeka.

Ndinadikira. Iwo anangondiyang'ana.

"Kenako, bwana?"

"Yathera pomwepo."

"Nanga phunziro lake?"

"Ilibe."

Ine ndakatulo ndimazidziwa. Kusukulu tinkalakatula, pa wailesi timamva, pa ukwati ndi pa maliro amalakatula. Ndakatulo imalangiza, imadzudzula, imatamanda munthu kapena Mulungu. Koma iyi, njiwa yatera, njiwa yauluka, ndiye kuti chiyani? Njiwa zimatera tsiku lililonse, ana amazigenda ndi legeni. Madzulo ndinawalakatulira mayi anu. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Bambo a Esinta, munthu wosakwatira ndi choncho. Akhuta amenewo. Muwapatse khasu alime mizere iwiri, muone ngati njiwa aziionanso." Ndinaseka nawo, koma kuseka kwanga kunali kwa theka. Chimene sindinawauze n'chakuti m'mawa mwake, ndikupita kuntchito, ndinaona mbalame ikuuluka pa mtengo wa mango, ndipo ndinapezeka nditaima, ndikuyang'ana nthambi ikugwedezeka. Ndinachita manyazi ngati andipeza ndikuba.

Matenanti nawo anali ndi kumva kwawo. Kwathu kuno msitu umene sudulidwa ndi umodzi wokha, wa kumanda. Ndiye iwo ataona munthu akuletsa nkhwangwa, akulowa yekha m'mawa uliwonse, akuvula chipewa n'kukhala duu, anangomaliza okha kuti bwana ali ndi wake amene anagona m'menemo. Ena ankati ndi mkazi wawo, ena ankati ndi gogo wawo wa nthawi ya atsamunda. Amayi anasiya kutola nkhuni ngakhale m'mphepete, ana anasiya kukatola masuku. Ine ndinkadziwa kuti si zoona, koma ndikanawauza chiyani? Kuti bwana amakayang'ana njiwa? Ndinangozisiya, poti zinkathandiza kusunga lamulo.

Januwale wa chaka chachitatu cha a Matini

Chaka chimenecho fodya anakula bwino kuposa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito. Masamba ngati a nthochi. Matenanti ankayenda akumwetulira, ena atayamba kale kukamba za malata ndi njinga. Ndiye chakumapeto kwa mwezi kunabwera mvula ya mphepo masana dzuwa likuswa mtengo. Sinatenge nthawi, koma itadutsa zigafa zathu zogambagamba zija zinali pansi, kungotsala ziwiri zopendekeka. Mphanda zinathyoka ngati mapesi, m'kati muli dothi la chiswe lokhalokha. Ndipo masamba apansi anali atayamba kale kupsa.

Wamkulu wa matenanti anali Bambo Nampinga a ku Phalombe, munthu wamfupi, wa imvi, woimba kwaya, wosalankhula kawiri. Anabwera ku ofesi chipewa chili m'manja. "Akapitawo, fodya wapsa. Tipachika pati?" Ndinawauza kuti ndikamba ndi bwana. Ndinalowa n'kunena mosazungulira kuti mitengo ilipo malo amodzi okha.

Nkhope ya a Matini inachita kuyera. "Tigula kwina."

"Kuti, bwana? Mphepoyi yagwetsa zigafa dera lonse. Pa Kamwendo ngakhale nsungwi palibe."

"Ndipita ku Lilongwe ndi lole. Mundipatse sabata imodzi."

"Fodya sadziwa sabata, bwana. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Anayang'ana manja awo. Kenako ananena motsitsa, osati moopseza ayi, ngati munthu wonena za nyengo. "Bambo Mbewe, ndikudziwa kuti kwa inu ndi mitengo chabe. Koma msitu uja ukapita, sindikudziwa ngati ndingadzukenso m'mawa. Ndinakuuzani za chipatala chija." Anatenga makiyi, n'kunyamuka ndi dalaivala.

Ndinagwira njakata. Mbali iyi mabanja onse aja, amene anadya phoso la ngongole chaka chonse podalira masamba amene tsopano ankapserera ine ndikuona. Mbali iyo munthu mmodzi, amene sanandinyozepo, amene anandiululira za mumtima mwake ngati mbale. Akanakhala Chiphaliwali ndikanadula ndikuimba mluzu, n'kudikira kutukwanidwa. Koma uyu sakanatukwana, ndipo n'chimene chinkandiopsa. Nanga munthu angafe chifukwa cha mitengo? Nzeru zanga zinkati ayi. Koma nzeru zomwezo zinkatinso munthu sangasiye Mulungu popanda chifukwa, ndipo ndinali nditamuona ndi maso.

Anadutsa masiku angapo, lole osaoneka. Uthenga unabwera woti mitengo apeza yochepa, ndipo yofuna ndalama zambiri, akufunafunabe. M'minda masamba apansi anayamba kugwa okha. Amayi ena anayesa kupachika fodya m'nyumba zawo zogona, ana n'kumagona pansi pake, mpaka kudwala mutu ndi fungo. Mayi anu anandiona ndikukankha mbale. "Bambo a Esinta, mzungu ali ndi kwawo, akadwala akwera ndege. Ana a matenanti akwera chiyani?" Ndinati munthu mmodzi nayenso ndi munthu. Iwo anati, "Ndiye musankhe, mutu ukakula sulewa nkhonya." Ndinapemphera, koma kunena zoona sindinamve yankho lililonse, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri, chifukwa ndinakumbukira nyumba yopanda munthu ija.

M'mawa mwake ndinaimba belu n'kulamula kuti aliyense atenge nkhwangwa, tikadule pa kaphiri, mlandu ukhale wanga. Ndinkayesa kuti athamanga. Palibe anasuntha. A Nampinga anakanitsitsa kwa mtu wa galu.

"Akapitawo, ife kuno ndife alendo. Manda a eni ake sitigwetsa."

"Mulibe manda m'mene muja, a Nampinga. Ndikulumbira."

"Nanga munthu wanzeru zake angamapite patchire tsiku ndi tsiku, kuvula chipewa, kukhala chete, popanda wake wogona pamenepo? Amakatani?"

"Amakalemba ndakatulo."

"Za ndani?"

"Za mitengo."

Anthu anayang'anana. Wina kumbuyo anaseka. A Nampinga anapukusa mutu mwachisoni, ngati ndawanamiza pamaso pa ana. "Akapitawo, ngati mulibe kanthu, tsogolani inuyo. Mtengo woyamba ugwe ndi dzanja lanu. Mukatuluka wamoyo tilowa."

Ndinatenga nkhwangwa ya munthu wina n'kukwera, gulu likunditsatira chapatali. Ndinali ndisanalowemo chilowere tsiku loyendera malire lija. Munali mozizira, kamtsinje kakumveka pansi, fungo la masamba onyowa. Ndinafuna kupewa muwanga wa m'ndakatulo uja, koma sindinkadziwa kuti ndi uti, yonse inkaoneka ngati womwewo. Ndinasankha wowongoka, wokwana mphanda. Ndipo ndisanaponye nkhwangwa, ine mkulu wa mpingo, amene ndinali nditangolumbira kuti mulibe kanthu, ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Pepa." Sindidziwa amene ndinkamupepesa. Ndinadula, mtengo unagwa, sindinafe, ndipo anthu analowa.

Tinadula masiku angapo, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. Yowongoka yonse inapita ku mphanda ndi mitanda, ing'onoing'ono ku mikangala, mombo tinausenda luzi. Inatsala yokhota ndi ikuluikulu yosanyamulika, apa umodzi, apo umodzi. Munthu ukaima pa ofesi unkatha kuona mbuzi kuseri kwa kaphiri. Zigafa zinaima, amayi anayamba kusoka, fodya anakwera pa mikangala. Anthu ankaimba pogwira ntchito. Ine ndekha ndinkangoyang'ana kumsewu.

Febuluwale wa chaka chomwecho

Lole inafika masana, itanyamula timitengo tosakwana ngakhale chigafa chimodzi. A Matini anatsika, anaona zigafa zatsopano, anatembenuka n'kuona kaphiri. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma sanandifunse kanthu. Anangodutsa pafupi nane n'kuyamba kukwera. Ndinawatsatira chapatali. Anayenda pakati pa zitsa, akugwira ichi, akugwira icho, kenako anakhala pansi padothi, miyendo atatambasula ngati mwana, mutu uli zyoli. Dzuwa linawawomba pamene kale panali mthunzi. Anakhala choncho mpaka linapendeka. Wophika wawo anabwera kudzawaitanira chakudya, sanamuyankhe. Ine ndinaima kumbuyo kwa chulu, osadziwa ngati ndipite kapena ndithawe, ndipo mumtima ndinkati ndapha munthu.

Amayi amene ankasoka fodya m'chigafa cha kufupi anali akuona zonsezi. Mkazi wa a Nampinga anaika singano pansi, anamanga bwino chitenje, n'kuyamba kukwera. Anzake anamutsatira mmodzimmodzi. Kenako amuna, a Nampinga patsogolo, zipewa m'manja. Palibe anawaitana. Anafika n'kukhala pansi mozungulira bwana, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo, monga timakhalira pa siwa. Anthu omwewo amene anagwetsa mitengoyo, ena utomoni udakali m'manja. Kenako a Nampinga anandikodola.

"Akapitawo, bwerani mutimasulire." Ndinasendera. Iwo anawomba m'manja pang'onopang'ono. "Muwauze bwana kuti tabwera kudzapepesa. Talakwa. Si mwano ayi, ndi njala inatituma. Koma atiuze, wagona muno ndani, kuti tidziwe amene tikumulira."

"A Nampinga, ndinakuuzani kale kuti mulibe munthu."

"Inu munanena zanu. Afunseni eni ake."

Ndinamasulira mawu onse monga anawanenera. A Matini anadzutsa mutu, anayang'ana anthu aja mmodzimmodzi ngati akuwaona koyamba. Milomo yawo inali itauma. Anati, "Auzeni kuti ndi Mulungu."

Ana anga, pa ntchito yanga yonse ndinamasulira zotukwana, zochotsa anthu ntchito, za mitengo yotsika ya fodya ku okushoni, koma mawu olemera ngati amenewo sindinawanyamulepo. Ndinafuna kuwakonza, kunena kuti bwana akuti ndi mbale wawo wakutali. Koma munthu anafunsidwa pa maliro ake, ndipo anayankha. Ndinanena monga ananenera. "Akuti amene anamwalira ndi Mulungu."

Mayi wina anati, "Ii!" n'kugwira pakamwa. Ena anayang'ana pansi. Ndinkadikira kuti anthu adzuke n'kubalalika, kapena a Nampinga, munthu wa kwaya, ayambe ulaliki. Iwo anakanda m'mutu, anayang'ana kumwamba, anayang'ana bwana. Kenako anati, "Ife uthenga wa maliro amenewo sunatipeze. Kwathu Iwowo ali moyo, dzulo lomweli tinalankhula nawo. Koma munthu akati waferedwa sumutsutsa. Umakhala naye pansi."

"Akuti chiyani?" anafunsa a Matini.

Ndinawauza. Anandiyang'ana, anayang'ana a Nampinga, ndipo analira. Osati misozi ya azungu ija yopukuta ndi kampango, koma kulira kwenikweni, kofuula, mapewa akugwedezeka. Amayi anayamba nyimbo ya pa maliro motsitsa, abambo n'kulandira. A Matini sanaimbe nawo, koma sanawaletse. Ine ndinakhala pansi pomwepo, pafupi ndi chitsa, osadziwa ngati ndili m'gulu la opepesa, la olira, kapena la oyenera kumangidwa.

A Matini sanandichotse ntchito, ndipo za msitu sanazitchulenso kwa ine ngakhale kamodzi, kundidzudzula kapena kundikhululukira. Fodya anauma bwino, matenanti anapita kwawo ndi katundu pamutu. A Matini anakhala mpaka belo lomaliza litapita ku okushoni, n'kubwerera kwawo, ndipo sindinamvenso za iwo. Kaya analembanso za mitengo, kaya anabwerera ku tchalitchi, kaya ali moyo, sindidziwa. Mukandifunsa ngati ndinachita bwino kudula, tsiku lina ndimati inde, tsiku lina ndimasowa tulo. Mukandifunsa kuti tsiku lija tinalira ndani, mitengo, Mulungu wa azungu, kapena munthu wamoyo amene anakhala pakati pathu, ndilibe yankho, ngakhale ndakhala ndikulalikira zaka zonsezi.

Ndingokuuzani chimene ndinaona ndi maso anga. Nyimbo itatha, mkazi wa a Nampinga anatuma mnzake kumudzi, ndipo anabwera ndi dowe wootcha m'kambale. Mkazi wa a Nampingayo anagwada patsogolo pa bwana n'kunena m'Chichewa, osadikira womasulira, "Idyani, bambo. Wofedwa amadya, kuti mawa adzuke." A Matini anayang'ana chimangacho nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja, anabenthula pakati, theka anandipatsa ine, ndipo anadya.